Digiri ya Njovu za ku Chifunda

Komiti inafika ku Chifunda m'mwezi wa Okutobala chaka cha 1996, dzuwa la m'chigwa cha Luangwa litafika poti ngakhale mbuzi zinkakana kutuluka pansi pa nkhokwe. Tisiyenji Goma anaima pakhonde la sukulu ya pulayimale n'kumaonerera anthu a ku yunivesite akutsika m'galimoto mmodzimmodzi, aliyense akudzikuntha fumbi ngati kuti fumbilo lamulakwira dala. Iye anali atavala diresi yake ya kutchalitchi, chifukwa anthu amenewa ndiwo anabwera kudzanena ngati digiri imene anali ataivutikira kale ilipo kapena kulibe.

Nkhani yake inayamba chonchi. Tisiyenji atamaliza digiri yoyamba pa yunivesite ina ya kunjanji, kumizinda ikuluikulu, anabwerera kwawo ku Chama kukaphunzitsa sayansi kusekondale. Asanazolowere n'komwe fumbi la choko, mphunzitsi wake wakale, a Dokotala Wilfred Mtonga, anamulondola mpaka ku boma ndi nkhani yokoma. Iwo anali kukonza digiri yachiwiri yatsopano, ija amati Masitazi, yokhudza nyama zakutchire ndi alimi okhala nazo pafupi. Chotsala chinali chakuti Seneti, bwalo lalikulu la maphunziro payunivesitepo, ingovomereza, ndipo a Dokotala anati imeneyo inali nkhani ya masabata. Iye angoyamba kafukufuku osadikira. Tsiku lovomerezedwa digiriyo dzina lake lidzakhala loyamba, ndipo ntchito yonse imene adzakhale atagwira idzawerengedwa.

Tisiyenji anapempha tchuthi cha maphunziro natsikira ku Chifunda. Mvula ziwiri anazithera m'zilindo pamodzi ndi amayi olinda chimanga, kuomba nawo zitini njovu zikabwera, m'mawa n'kumayeza mapazi ake m'matope ndi kuwerenga mapesi othyoka. Malungo anamudziwa dzina. Nsapato zinatha, anayamba kuyenda ndi zamatayala ngati wina aliyense.

Digiri nayo inali pa ulendo wake. Inachoka ku dipatimenti kupita ku bodi, ku bodi kupita ku komiti ya maphunziro apamwamba, imene inaibweza chifukwa dzina lake linali lalitali. Atalifupikitsa, inabwezedwanso chifukwa dzinalo silinkanena zonse. Kenako aphunzitsi ananyanyala ntchito, yunivesite inatsekedwa, ndipo itatsegulidwa wapampando anali atasintha, watsopanoyo n'kufuna kuiona kuyambira pachiyambi. Pomalizira pake Seneti inati singavomereze maphunziro a kutchire isanatume anthu okaona tchirelo ndi maso. Tchuthi cha Tisiyenji chinali kutha mu Disembala. A hedimasitala anali atamuuza kale kuti akapanda kuonetsa kuti ndi wophunzira weniweni wa yunivesite, abwerere ku choko, apo ayi malo ake apatsidwa wina.

Woyamba kutsika m'galimoto anali a Pulofesa Chanda, wapampando wa komiti, a ku dipatimenti ya zamoyo, munthu amene anatchuka ndi kafukufuku wa nthata za mileme. Anavala chipewa chachikulu cha alenje achizungu ndi masokosi ofika m'mawondo. Pambuyo pawo panatsika a Dokotala Barbara Mweemba a za chikhalidwe cha anthu, amene moni wawo woyamba unali kufunsa ngati madzi a kuno amawiritsa. Wachitatu anali a Justin, mlembi wa ku ofesi ya kaundula, bambo woonda wa tayi, atakumbatira chitini cha mabisiketi ngati mwana wodwala. M'chitinimo munali chidindo cha Seneti ndi inki yake. A ku dipatimenti ya zaulimi nawonso anasankhidwa kukhala m'komitiyo, koma anatsala. Wapampando anaona kuti galimoto yopita ku Chama singabwerere yopanda mpunga, ndipo mpunga sukhala pamiyendo ya munthu. Matumba a mpungawo, ogulidwa panjira, anali kale pampando wa zaulimi, atamangidwa lamba bwinobwino.

A Dokotala Mtonga anatuluka omalizira, kumbuyo kwenikweni kumene kumakhala tayala la sipeya. Iwo sanali a m'komiti, anabwera ngati mwini digiri. Anagwira Tisiyenji chanza ndi manja awiri, namunong'oneza kuti zonse zili bwino, iye angoyankha zimene wafunsidwa basi.

A Pulofesa atamwa madzi anapempha kuona labotale. A Dokotala Mtonga anaseka mwaulemu n'kufotokoza kuti m'maphunziro a mtundu umenewu labotale ndi minda ya anthu. Gulu lonse linayenda kupita kuminda, Tisiyenji patsogolo, a Justin pambuyo ndi chitini chawo. Anakafika pamalo oyera mbee, pongooneka zitsa za mapesi ndi phulusa la moto wolusa. Chilindo chimene Tisiyenji anagonamo mvula yapitayo chinali chitapendekeka, udzu wake mbuzi zitadya.

A Pulofesa anayang'ana uku ndi uku, nafunsa kuti chimanga chili kuti. Tisiyenji anati chinakololedwa mu Meyi, chimene njovu zinasiya. Anafunsa kuti nanga njovuzo zili kuti. Anawayankha kuti nyengo ino zimakhala kumtsinje, kuminda zimabwera chimanga chikakhwima, cha mu Febuluwale mpaka Epulo. Apo a Pulofesa anafuna kudziwa chifukwa chake komiti sinaitanidwe nthawi imeneyo, ndipo Tisiyenji anati nthawi imeneyo msewu umakhala pansi pa madzi, galimoto sifika.

"Ndiye mukundiuza kuti maphunziro anuwa amachitika nthawi imene yunivesite singawaone," anatero a Pulofesa, "ndipo nthawi imene yunivesite ingawaone sachitika."

A Justin anaika chitini pansi n'kulemba mawuwo. Ankaoneka kuti awakonda.

Kuchoka apo komiti inapempha laibulale. Tisiyenji anawatengera kunyumba ya mayi Salome, mkazi wamasiye amene ankamusunga, n'kuwaonetsa thabwa limene anakhomera pakhoma. Panali mabuku ake a digiri yoyamba ndi ena amene a Dokotala Mtonga anamubwereka. Chiswe chinali chitayamba kale kuwerenga, ndipo buku la kawerengedwe ka nyama chinali chitafika nalo pakati. A Justin anafunsa wapampando ngati buku lotere aliwerenge ngati limodzi kapena theka. Anagwirizana kuti nkhaniyo ikaonedwe ndi komiti ya malaibulale.

A Dokotala Mweemba sanasamale za mabuku. Iwo ankafuna kukumana ndi anthu, chifukwa maphunziro a masiku ano, anatero, savomerezedwa eni dera asanafunsidwe. Tsoka ilo, mudzi wonse unali kumaliro kutsidya kwa dambo, ndipo eni dera amene analipo anali mayi Salome okha, amene anatsala chifukwa cha mwendo. Anali pamphasa akusenda mtedza uja kuno amati nshawa. A Dokotala anagwada pafupi nawo monga momwe anaphunzirira kunja, napempha Tisiyenji kuti amasulire m'Chisenga funso lakuti kodi iwo monga mayi akumva kuti ali ndi gawo pa maphunziro amenewa.

Mayi Salome anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anayang'ana chipewa cha a Pulofesa n'kufunsa ngati mfuti aisiya m'motoka. Iwo ankayesa kuti boma latumiza anthu odzapha njovu ija ya mnyanga umodzi imene inawagwetsera nkhokwe. Tisiyenji anauza a Dokotala kuti mayi akuti ali ndi chiyembekezo chachikulu. A Dokotala analemba tsamba lathunthu.

Alendo atatembenuka, mayi Salome anakoka Tisiyenji diresi. Amayi a m'mudzimo ankamuseka masiku onse kuti digiri yakeyo ndi mwamuna wa kumigodi, wolonjeza ukwati koma osaoneka nkhope.

"AnyaGoma, manje awa ndiwo apongozi?" anafunsa motsitsa mawu. "Mwamuna mwini wake ali kuti?"

"Akuti akayambe amubala, amama."

"Iwe udzakwatiwa uli ndi imvi."

Msonkhano unachitikira m'kalasi ya giredi wani, chifukwa ndi yokhayo imene inali ndi denga lathunthu. A Pulofesa anadzipanikiza pa desiki ya ana, mawondo atafika pachifuwa, koma ulemu wa mpando sanautaye. Asanatsegule msonkhano, a Justin anadzutsa nkhani ya Tisiyenji, kuti akhala m'chipindamo ngati ndani. Wophunzira sangakhale, chifukwa maphunziro ake anali asanabadwe. Wantchito wa yunivesite sanali. Mlendo amayenera kuitanidwa ndi komiti, koma komiti singaitane munthu isanakhale pansi, ndipo ikakhala pansi chitseko chimatsekedwa. Kalasiyo inalibe chitseko, koma a Justin anati lamulo limaona chitseko ngakhale pamene palibe. A Dokotala Mweemba ndiwo anapeza njira. Kunali kotentha, panafunika munthu wothira madzi, ndipo wothira madzi salembedwa m'maminitsi. Tisiyenji anapatsidwa jagi n'kuima pafupi ndi bolodi, pansi pa zilembo za a e i o u.

Mfundo yoyamba inali yakuti digiriyo ikavomerezedwa idzakhala ya dipatimenti iti. A Pulofesa anati funsolo n'losavuta, njovu ndi chamoyo, ndipo zamoyo zili ndi mwini wake payunivesite. A Dokotala Mweemba anati njovu payokha si vuto la munthu aliyense, imakhala nkhani pokhapokha ikakumana ndi mlimi, ndipo mlimi, makamaka wamkazi, ndi wa dipatimenti yawo. A Dokotala Mtonga, amene anali a za malo ndi mapu, anapempha chilolezo cholankhula n'kukumbutsa komiti kuti njovu ndi mlimi onse amaponda pansi. Anauzidwa kuti mawu awo amveka koma salembedwa. Kenako wina anakumbukira chimanga. Onse anayang'ana pawindo kumene kunali galimoto, ndipo anagwirizana kuti popeza a zaulimi sanabwere kudzadziyankhulira, chimanga chigawidwe pakati, mapesi apite ku zamoyo, ngala ku chikhalidwe cha anthu.

Tisiyenji anaonapo agemu, alonda a nyama zakutchire, atapha mvuu yovuta n'kuipereka kumudzi. Anthu anakangana tsiku lonse, wina akuti mwendo ndi wake chifukwa munda wodyedwa unali wake, wina akuti ndiye anakaitana agemu. Koma kumeneko mvuuyo inali gone pamchenga, aliyense akuiona. Kuno anthu ophunzira anali kunolerana mipeni pa nyama imene inali isanabadwe.

Dzuwa litapendeka anamvana. Chaka choyamba ophunzira adzakhala kunjanji, theka m'manja mwa a Pulofesa kuphunzira matupi a nyama kuyambira pa mileme, theka m'manja mwa a Dokotala Mweemba. A Dokotala Mtonga adzakhala woyang'anira digiri yonse, udindo umene umabwera ndi ofesi ya kapeti. Dzina la digiri linatalikanso kuti aliyense adzipezemo. Tisiyenji anathira madzi m'makapu onse ndi dzanja lopepuka. Anayamba kuganiza za momwe akalowere muofesi ya a hedimasitala.

Ndipo a Pulofesa anatsokomola, nati patsala kanthu kamodzi. Komiti yaona munda wopanda chimanga, laibulale ya chiswe ndi mayi mmodzi. Iwo monga wapampando sangakaime pamaso pa Seneti n'kunena kuti ku Chifunda kungachitike kafukufuku wa msinkhu wa Masitazi popanda umboni wogwirika ndi manja. Popanda umboniwo, digiri ibwezedwa kuti ikaonedwenso.

A Dokotala Mtonga anatembenukira kwa wothira madzi uja. Sanachite kumuyang'ana m'maso, anayang'ana jagi.

"Tisiyenji, katenge buku lija."

Bukulo, la kafukufuku wake yense wa njovu, linali m'sutikesi pansi pa bedi, litakulungidwa m'chitenje ndi pulasitiki. Analitayipa yekha pa makina a kusekondale nyengo ya chilimwe, usana wonse ana ali patchuthi, riboni itatha n'kumaidzoza inki ya m'botolo. Kope lina panalibe, mapepala a kaboni anamuthera pa mutu woyamba. Anathamanga kukalitenga, nabwerera thukuta lili kamukamu, n'kuliika pa desiki ya a Pulofesa ndi manja awiri.

A Pulofesa analinyamula n'kuliyesa kulemera kwake m'dzanja, monga momwe munthu amachitira pogula nkhuku. Anatsegula pakati, napeza matebulo a manambala, n'kugwedeza mutu mokhutira. A Dokotala Mweemba anatsegula kumapeto, napeza mawu akuti amayi kangapo patsamba limodzi, nati ntchitoyi ili ndi maso. Panalibe amene anawerenga chiganizo chathunthu, koma onse anavomereza kuti umboni ndi umenewu. Wapampando analamula kuti bukulo lilandiridwe ngati chophatikiza cha lipoti la komiti.

A Justin anatsegula chitini cha mabisiketi. Anatulutsa chidindo, nachipukuta ndi mpango, nachigunditsa pa inki kawiri, nachikweza pamwamba pa tsamba loyamba pamene panali dzina la Tisiyenji. Kenako anaima, dzanja lili m'mwamba, chifukwa anakumbukira kuti mwini wa cholembedwa amayenera kuuzidwa ndime ina chidindo chisanatsike.

"Mayi, lamulo likuti ndikuuzeni. Cholembedwa chilichonse chimene komiti yalandira n'kudinda chimasanduka pepala la Seneti. Pepala la Seneti silingaperekedwe kwa oyesa mayeso kuti munthu apatsidwe nalo digiri, chifukwa ndiye kuti Seneti ikudziyesa yokha. Mwavomera?"

Tisiyenji anaika jagi pansi pang'onopang'ono.

"Mukadinda, digiri ibadwa?"

"Ibadwa, mayi."

"Koma buku langa silingalowemo."

"Silingalowe."

"Mukapanda kudinda?"

"Buku ndi lanu ndithu. Kungoti kolipereka kulibe."

A Justin ananena zimenezi ndi nkhope yowala, ngati mmisiri amene wayesa chitseko n'kupeza kuti chikutseka bwino mbali zonse. Analibe naye chifukwa mtsikanayo. Ankangosangalala kuona lamulo likugwira ntchito kutali chonchi ndi kwawo.

A Dokotala Mtonga anadzuka pa desiki yawo movutikira n'kubwera pafupi. Analankhula motsitsa, ndi mawu aja ankalankhulira m'kalasi pofotokoza za mitsinje. Anati iye aganizire za achinyamata amene akubwera pambuyo pake, ana a ku Tembwe ndi ku Chikwa amene adzapeze khomo lotsegula chifukwa cha iye. Anati digiri ikabadwa dzina lake lidzakhalabe loyamba, adzangochita chaka chimodzi kunjanji kenako n'kudzalemba buku lina. Njovu sizikutha. Ngati njovu zamutopetsa, pali mvuu, ndipo mvuu palibe amene anazikhudza. Buku lakeli silitayika ayi, lidzakhala m'gulu la mabuku amene ophunzira a digiriyo adzawerenga, iyenso adzaloledwa kulitchula m'buku lake latsopano, malinga alembe kuti ndi lipoti la komiti ya a Pulofesa Chanda.

"Lamuloli munkalidziwa, a Dokotala?" anafunsa Tisiyenji.

A Dokotala anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta ndi tayi. Anati malamulo a Seneti ndi ambiri, munthu sangawasunge onse m'mutu. A Justin, pofuna kuthandiza, anakumbutsa a Dokotala kuti iwo anali m'kakomiti kamene kanalemba ndime imeneyo, ndipo mawu akuti ikudziyesa yokha anali awo, anthu anawaombera m'manja tsiku limenelo.

Kunja mbuzi ina inali kudzikanda pa tayala la galimoto. Tisiyenji anayang'ana tsamba loyamba lija, pamene chilembo cha G chinatuluka chokhota chifukwa makina a kusekondale anali otero. Anakumbukira m'mawa wina mu Malichi atapeza munda wa mayi Salome uli bwalo la mpira, mayiwo atakhala pakati pake osalira n'komwe, iye n'kuwapempha kuti asunthe pang'ono kuti ayeze phazi. Anachita manyazi tsiku limenelo, koma anayeza, poganiza kuti manambalawo akupita kwinakwake.

A Dokotala Mweemba anamugwira paphewa n'kumuuza kuti chitukuko chili chonse chimamangidwa pa kudzipereka kwa amayi, ndipo iwo analembapo pepala pa nkhani imeneyo. A Pulofesa anayang'ana wotchi. Dzanja la a Justin linali likadali m'mwamba.

Tisiyenji anatambasula dzanja, nasolola bukulo pansi pa chidindo, nalikumbatira pachifuwa.

"Pepani, a Pulofesa," anatero. "Ine ndine wothira madzi. Wothira madzi alibe chopereka ku komiti."

A Justin anaganiza pang'ono, nati zimenezo n'zoona, ndipo kunena chilungamo bukulo silinayenere n'komwe kufika pa desiki. Anapukuta chidindo n'kuchibwezera m'chitini.

Tisiyenji ankayembekeza kuti komiti ikwiya. Sinakwiye. A Pulofesa anaweramira kwa a Dokotala Mweemba, ananong'onezana, ndipo nkhope zawo zinamasuka ngati za anthu amene auzidwa kuti phwando lawonjezeredwa tsiku. Popeza umboni sunapezeke, digiri ibwezedwa, ndipo komiti idzafunika kubweranso chaka chamawa nyengo ngati yomweyi, msewu ukadzauma, kudzaona ngati zinthu zasintha. A Dokotala Mweemba anapempha kuti ulendo wotsatirawo udzakhale wa masiku ochulukirapo kuti adzafike ndi kumtsinje. Komiti inalangizanso a Dokotala Mtonga kuti pakadali pano apeze wachinyamata wakhama woti ayambe kafukufuku kuderali, kuti podzabweranso padzakhale chogwirika.

A Justin anaimirira n'kuwerenga zimene analemba kuti onse avomereze. Komiti inayendera malo. Labotale ilipo koma siigwira ntchito m'chilimwe. Eni dera ali ndi chiyembekezo chachikulu. Komiti sinapeze wophunzira aliyense ku Chifunda. Anafunsa ngati pali wotsutsa, ndipo panalibe. Tisiyenji anatola makapu.

Panja, dalaivala akuthira madzi m'injini, a Dokotala Mtonga anamupeza pansi pa mtengo wa bwemba. Ofesi ya kapeti inali itawachoka pankhope. Anamuuza kuti wawachititsa manyazi pamaso pa anzawo, kuti wapha chinthu chimene iwo anachilera zaka, ndipo kuti mtima wotere sufikitsa munthu patali m'maphunziro. Atatha kunena zimenezo anatsitsa mawu n'kufunsa ngati kusekondale kuli mphunzitsi wina wachinyamata, wa digiri yabwino, amene saopa udzudzu. Tisiyenji anati akafunsa, ngakhale ambiri kumeneko anamuona iye akupita ndi masaya n'kubwerako alibe.

Iye anali ataganiza kale zoti achite. Sukulu zinali zisanatseke, ndipo akafika ku boma sabata yomweyo akanatha kukagwada kwa a hedimasitala malo ake asanapatsidwe wina. Analowa m'nyumba, naponya zovala m'sutikesi, buku pamwamba. Mabuku a pathabwa anawasiyira chiswe kuti chimalize. Mayi Salome anamuthirira nshawa m'kathumba osafunsa zambiri, anangoti ukwati ukalephereka munthu amabwerera kwa amake, si imfa.

Galimoto inali italira kale pamene anafika ndi sutikesi pawindo la a Pulofesa. Anapempha mwaulemu kuti amutengeko mpaka ku boma, popeza njira yawo inali yomweyo, ndipo iye akhoza kukhala kumbuyo ndi tayala. A Pulofesa anati iwo alibe vuto ngakhale pang'ono, natembenukira kwa a Justin. A Justin anachita chisoni chenicheni. Anati galimoto ya yunivesite imanyamula antchito a yunivesite ndi ophunzira olembedwa m'kaundula basi, ndipo komiti yangovomereza kumene kuti ku Chifunda kulibe wophunzira. Kumunyamula kukanakhala kutsutsana ndi maminitsi.

"Mukadalola chidindo chija, mayi, bwenzi tikuona," anatero. "Ngakhale apobe mukanayamba mwadikira Seneti."

A Dokotala Mweemba anamubayibitsa ndi dzanja pawindo n'kumuuza kuti asataye mtima. A Dokotala Mtonga kumbuyo anali kuyang'ana mbali ina. Galimoto inatembenuka pabwalo la sukulu, inawaza fumbi pa diresi ya kutchalitchi, n'kulowa m'mitengo ya tsanya.

Mphunzitsi wina wa papulayimalepo anamuuza kuti lole ya ogula thonje ili kumsika wa patsogolo, ikupakira mabelo otsiriza, ndipo ogula thonje safunsa kuti munthu ndi ndani malinga akwere yekha. Tisiyenji anasenza sutikesi n'kuyamba kutsata mapazi a matayala. Anali ndi giredi naini yomudikira, ndipo mutu wa temu imeneyo, ngati sanausinthe, unali wa kagayidwe ka chakudya m'mimba.